Khofi wa Pambuyo pa Maliro

Bambo anga, a Rodel, anachoka kwawo ku Iloilo kubwera kuno ku Penang atanyamula lipenga lokha. Poyamba ankaimba m'hotela. Masiku ano amaomba lipengalo m'bandi ya maliro a Atchaina, atavala malaya oyera, kutsogolo kwa galimoto ya bokosi. M'bandimo mlendo ndi iwo okha.

Maliro amatha cha m'ma 1 koloko, koma Bambo ankafika kunyumba itadutsa 3. Mayi, a Siew Hoon, sankazitengera, mpaka mlongo wanga Jonas atabadwa ndipo a Kok oyandikana nafe anabwera kudzaona mwana.

"Amuna anu aja amamukondatu khofi wa kukantini ya Ah Lian," anatero a Kok. "Ndawaonako katatu. Ndipo mkazi wamasiye ameneyu sanakalambe ayi."

A Kok atatuluka, Mayi anandiitana. "Lorna, mawa kuli maliro. Ukawatsatire. Zikakhala zoona, ine ndi Jonas tiwoloka nyanja, tikakhale kwa mayi ako aang'ono ku Butterworth." Chikwama ndinachiona pansi pa bedi, cholongedza kale.

Ine sindine munthu wotsatira anthu. Ngakhale kusukulu ndinkakhala kumbuyo. Koma ndinapita.

Bambo anatsika basi ku Jelutong, nalowa kwa Ah Lian. Ndinabisala kuseri kwa ngolo ya wogulitsa nthochi. Ah Lian anawaikira khofi osawayang'ana n'komwe. Bambo anavula nsapato, nkuzigogoda pansi, nkukutumula malaya. Kenako anangokhala. Khofi anazizira.

Wa nthochi ndiye anandiulula. "Mtsikana iwe, ukugula kapena ukuwerenga ntchentche?"

Bambo anatembenuka. "Lorna? Bwera kuno. Akutuma amayi ako?"

Ndinagwedeza mutu, nkunena zonse, za a Kok ndi za chikwama. Anaseka pang'ono, kenako anasiya.

"Ah Lian? Amene amandiitana Bambo Kapu Imodzi? Khala pansi, mwanawe. Kwathu munthu sachoka pamaliro nkulunjika kunyumba. Umayamba waima pena, nkudzikutumula, kuti womwalirayo atsalire pamenepo. Tsiku lina ndili mnyamata ndinachita ulesi, ndinapita molunjika. Mwezi usanathe mng'ono wanga anamwalira. Anali malungo, ndikudziwa. Komabe. Kale ndinkangoima pang'ono. Chibadwire Jonas ndikulephera kudzuka pampando."

"Bwanji osawauza Mayi?"

"Amayi ako? Amene anataya zofukiza za agogo ako atalowa tchalitchi? Andiseka mpaka Khirisimasi."

Tinapita kunyumba limodzi. Bambo anakhala pakhonde nkumapukuta lipenga loyera kale. Ine ndinalowa kukhitchini, nkufotokoza maso ali pansi.

"Bambo wamkulu, wa ana awiri," anatero Mayi, "akuthawa mizimu ndi kapu ya khofi?" Koma sanaseke. Anayang'ana kumene kunagona Jonas nthawi yaitali.

Loweruka kunali maliro ena. M'mawa Mayi anandituma kumsika kukagula masamba a manyumwa. Anawaviika m'ndowa ya madzi, nkuiika pakhomo.

"Amayi anga ankatero akachokera kumaliro," Mayi anawauza Bambo, osawayang'ana. "Mukasamba kumaso ndi m'manja, zatha. Sindikunena kuti ndimakhulupirira. Ndikungoti mpunga umazizira."

"Nanga womwalirayo akakhala kuti saopa masamba?"

"Amene mumawaimbira aja ndi Atchaina, bambo a Lorna. Amadziwa masamba athu kuposa khofi wanuyo."

Tsiku limenelo Bambo anafika 2 koloko isanakwane, nasamba pandowa mpaka malaya kunyowa. Pambuyo pake anandinong'oneza kuti anaimabe pang'ono kwa wa nthochi. Zimenezo sindinawauze Mayi. Chikwama chija chinabwerera pamwamba pa kabati.