Pini m'thumba la ovololo

A Frazer anali atamanga kale chingwe kutsogolo kwa galimoto pomwe Prisca amatuluka m'nyumba ndi beseni la zovala za malemu. Linali tsiku lachitatu chiikireni maliro a bambo ake, a January, ndipo achibale anali asanabalalike chifukwa katundu anali asanagawidwe.

Galimotoyo inali yofiira, yazitseko ziwiri, yotsika ngati yagwada, ija yothamanga. A January anapatsidwa ndi mzungu wina yemwe ankamukonzera magalimoto ku Chileka, pomwe mzunguyo ankabwerera kwawo. Pa Lirangwe aliyense ankaidziwira patali, chifukwa polowa giya yachitatu inkakukuta ngati chigayo, ndipo a January okha ndi amene ankaitha. Miyezi iwiri yomaliza ya moyo wawo galimotoyo inakhala pa njerwa pansi pa mango, iwo ali kunsi kwake, mapazi okha akuoneka.

A Frazer, mng'ono wa malemuwo, ananena kuti galimoto yafera limodzi ndi mwini wake. Dzulo lake anaitsitsa pa njerwa, injini inalira bwinobwino, koma ndodo ya giya inkangogwedera ngati dzino lofuna kuzuka. Iwo anali atapangana ndi anthu ophwasula magalimoto ku Lunzu, ndipo lole yodzaikoka inali itaima kale kumsewu. Anawonjeza kuti ngakhale ikanakhala yamoyo, pakhomopo panalibe woti angaiyendetse.

Prisca anadziwa kuti mawu omalizawo akunena iyeyo. Laisensi anali nayo. Koma zaka zisanu zapitazo minibasi inagubuduzika naye pa Mdeka, dzanja lamanzere linatha mphamvu, zala ziwiri zakumapeto n'kupindikira m'kati. Chaka chatha anayesa kuiyendetsa galimotoyo, giya inamukanika pa kachitunda kotulukira pakhomo, inabwerera m'mbuyo n'kugwetsa khola la mbuzi. Bambo ake anamuuza anthu akumva kuti atsike, dzanja limenelo si la galimoto iyi. Anatsikadi, n'kubwerera ku Chileka komwe amasoka zovala, ndipo kuchokera pamenepo ankangopatsana moni. Sankafuna kuiyendetsanso. Kungoti akaganiza zoti aigwetsa zidutswazidutswa, china chake chinkamukana.

Mayi ake, a Getrude, anali pamkeka, duku lakuda kumutu. Sanakangane ndi alamu awo. Anangoti amuna awo sankasiya ntchito ili pakati, ndipo anapempha kuti che Abdulrahman, makaniko mnzawo wa malemu amene anabwera kudzapepesa, ayambe asuzumira kaye.

Che Abdulrahman anayala thumba pansi n'kulowa. Anakhalitsako. Potuluka anapukuta manja akumwetulira, n'kufotokoza kuti kunsiko zonse ndi zatsopano. Mabushi akale okutha, timphira toletsa zitsulo kugwedera, malemu anachotsamo, zitsulo zolumikiza ndodo ya giya ku giyabokosi anazifupikitsa n'kuwotcherera bwino, gilisi akadali wonyowa. Chosowa chinali pini imodzi yokha yogwirizitsa ndodoyo ndi zitsulozo, n'chifukwa chake inkagwedera payokha. Koma anati ya m'sitolo singalowe, chifukwa bowolo malemu anaboola pa muyezo wawowawo, ndiye kuti piniyo anasula okha.

Anakhuthula bokosi la zipangizo. Anafufuza m'zitini za mabawuti, pawindo, mpaka kusesa pansi pa mango. Palibe.

"Ndiye mwaona, alamu," anatero a Frazer. "Ya pini ya chiyani, galimoto yosayenda ndi yosayenda basi. Lole ija siitidikira tsiku lonse."

Akuluakulu anati za galimoto zidikire pang'ono, ayambe agawa zovala monga mwa mwambo, poti anthu akutali akufuna kunyamuka. Prisca ankatulutsa chimodzichimodzi m'beseni. Jekete yakutchalitchi inapita kwa msuweni wawo, nsapato kwa mphwawo. Ovololo yabuluu, yomwe a January anavula tsiku lomwe anagwa n'kutengeredwa kuchipatala, anapatsa a Frazer chifukwa anali ofanana msinkhu.

A Frazer anaipinda pakati, kenaka dzanja lawo linaima pathumba lapachifuwa. Prisca anaona. Anawaona akupisamo zala, akumva chomwe chinalimo, osachitulutsa. Kumsewu dalaivala wa lole anaimba hutala kawiri. Prisca anayang'ana m'beseni, sanafune kuti maso awo akumane.

Kenaka anamva mapazi. A Frazer anali akupita pomwe panali che Abdulrahman, m'manja muli kachitsulo kotalika ngati chala, kokulungidwa m'pepala la shuga.

"Achimwene ndi matumba awo," anatero osayang'ana munthu. "Amayi ankadandaula nazo kuyambira tili ana. Pochapa ankapezamo misomali."

Piniyo inalowa osamenya ndi hamala komwe. A Frazer anamasula chingwe n'kukhala pampando kuti ayese okha. Anakankha ndodo ija ndi phewa lonse monga ankaonera akulu awo akuchitira, inapitirira n'kukalowa giya ina, injini n'kuzima. Anayesanso, chimodzimodzi. Anati mwina malemu anasokoneza zinthu kunsiko chifukwa cha matenda.

"Mukulimbana nayo, a Frazer," anatero che Abdulrahman. "Iyi sikufunanso mphamvu. Anaipangira munthu wa dzanja lofewa."

A Getrude anaitana mwana wawo ndi dzina, kamodzi kokha.

Prisca anaika beseni pansi. M'galimoto munkamveka fungo la oilo ndi sopo wa bambo ake. Mutu wa ndodo ya giya unali wokulungidwa ndi kansalu komangidwa ndi mphira, ngati momwe amakaniko amachitira kuti asadetse. Anamasula. Kampira kakuda komwe kankakhalapo kale panalibe. Panali mutu wamtengo wa mlombwa, wosemedwa ndi kupalidwa mpaka see, ndipo mbali yake yakumanzere inali yokumbidwa mphako ziwiri zazing'ono.

Anaikapo dzanja. Zala zopindika zija zinalowa m'mphakomo ngati zabwerera kwawo.

Anaponda kilatchi n'kukankha pang'ono chabe, giya yoyamba inalowa ndi kaphokoso kakang'ono ngati kutseka loko. Anakwera kachitunda kaja osabwerera m'mbuyo. Yachiwiri inabwera yokha. Atafika pamsewu wafumbi wopita kumsika anapuma mpweya wambiri n'kukankhira yachitatu, akudikira chigayo chija. Sichinalire. Mayi wina wogulitsa tomato anatembenuka mochedwa, chifukwa sanaimve ikubwera.

Pobwerera anakumana ndi lole ija ikulowera ku Lunzu yopanda kanthu kumbuyo. A Frazer anali akukulunga chingwe pamkono, ovololo ili paphewa. Anamuuza kuti giya yachinayi asamaifulumirire, ndipo matayala akutsogolo atha, awasinthe mvula isanayambe. Anatero akuyang'ana matayalawo. Prisca anati wamva, bambo aang'ono.

Achibale atayamba kutsanzika, iye anakhalabe m'galimoto, injini itazima, chitseko chili chotsegula. Mayi ake anabwera n'kutsamira padenga lake. Anafunsa ngati akukumbukira tsiku lija anabwera kudzawazonda bambo ake atangoyamba kudwala, mwezi wa Juni.

Prisca anakumbukira. Sanayankhulane zambiri tsiku limenelo. Koma potsanzika, bambo ake anakana dzanja lamanja lomwe anawapatsa, n'kutenga lamanzere. Analigwira nthawi yaitali, akusisita chala chimodzichimodzi, akupinda ndi kuwongola, maso ali kudenga. Iye ankaganiza kuti akuopa imfa.

"Utangotuluka pageti," anatero a Getrude, "anandituma ndikawatengere pensulo."