Kabokosi Kofa Madzulo

Chizuru atabwera ndi kabokosi kake kuholo ya m'mudzi, a Tarui sanakondwe. Iwo ndiwo ankasunga makiyi a holoyo, ndipo anali ataonapo zambiri zochokera mumzinda zimene zinalandiridwa ndi kuwomba m'manja n'kukathera m'kabati. Kakompyutako kanali kakang'ono ngati kontena yotengeramo mpunga kuntchito. Chizuru anakaika pashelefu, pafupi ndi ng'oma.

"Ndaikamo pulogalamu yotchedwa wiki," anatero. "Ndi masamba oti aliyense wa m'mudzi muno azitha kulembamo kapena kukonzamo pafoni, ali kwawo."

"Aliyense? Ndi abodza omwe?"

"Ndi inu nomwe, a Tarui."

"N'zomwe ndanenazo."

Bambo ake a Chizuru, a Genzo, anali m'chipatala kutauni, mapapo atatha. M'mudzi monse ndi iwo okha ankadziwa kumanga ngolo ya chikondwerero cha zokolola, imene imagwirana ndi zingwe zokhazokha, popanda msomali. Madokotala anali atanena kuti mpunga wa chaka chino sadzauona ukucha. Anthu anajambula mitengo yonse ya ngoloyo n'kuika zithunzi m'kabokosi muja, kuti mkuluyo aziloza chithunzi n'kumafotokoza mfundo yomangira pamenepo, mwana wawo n'kumalemba. Koma mpweya woyankhulira ankaupeza madzulo okha, mankhwala akagwira.

Ndiye madzulo omwewo kabokosi kankafa.

Tsiku loyamba a Genzo anafotokoza za mtanda wakutsogolo mpaka kutopa. Chizuru atadina kuti asunge, kachizindikiro ka pafoni kanangozungulira, mawu onse n'kusowa. M'mawa anathamangira kuholo, n'kupeza zonse zikuyenda bwinobwino. Anafufuta pulogalamuyo n'kuiikanso. Anasintha chingwe cha intaneti. Anaimbira mnzake wa mumzinda, amene anamuuza kuti asinthe izi ndi izo. Madzulo akafika, chimodzimodzi. Anayesa kulemba papepala, koma popanda zithunzi bambo akewo ankasokoneza mtengo uwu ndi uwo, kenako n'kukwiya, n'kutembenukira kukhoma.

A Tarui ankamuonerera m'mawa uliwonse uku akusesa. Sizinkawapweteka kwenikweni. Moyo wawo wonse anagwirira Genzo zingwe, kukoka akauzidwa, kusiya akauzidwa, ndipo ikafika nthawi yomanga mfundo, Genzo ankawatembenuzira msana. Munthu wamoyo anamumana lusolo. Lero akufuna kupatsa bokosi.

M'mawa wina Chizuru anakhala pamkeka, maso atatupa, akuwerenga mizere imene kompyutayo imadzilembera yokha.

"Sikudandaula chilichonse," anatero, osayang'ana munthu. "Ikanakhala ndi vuto ikanalemba. Koma imangodukiza pakati pa mzere dzuwa likamalowa, ngati wina waitseka pakamwa. M'mawa n'kudzuka yokha."

Tsache linaima m'manja mwa a Tarui.

Kuseri kwa chitseko chakumbuyo kunali swichi yaikulu ya magetsi a holo yonse. Holo yoyamba inapsa iwo adakali mnyamata, ngolo yakale n'kupsera momwemo, chifukwa cha waya wosiyidwa wamoyo m'nyumba yopanda munthu. Kuchokera nthawi imeneyo, wotuluka pomaliza amatsitsa swichi. Palibe anazilemba paliponse, ndipo Chizuru, amene anapita kumzinda ali mtsikana, sakanazidziwa. Kwa a Tarui kutsitsa swichiyo kunali ngati kuvula nsapato pakhomo. Sankakumbuka n'komwe kuti dzanja lawo limachita zimenezo.

Anapitiriza kusesa.

Masana anakwera basi ya kutauni. Anadziuza kuti akukagula mankhwala a mawondo, koma anapezeka ali m'chipatala, mapeyala awiri ali m'kathumba.

"Shige," anatero a Genzo, powaitana ndi dzina laubwana. Mawu ankatuluka ngati akudutsa mumchenga. "Wabwera kudzayeza bokosi langa?"

"Lako ndidzamanga ndi misomali. Zingwe sunandiphunzitse."

A Genzo anaseka, kuseka n'kusanduka chifuwa. Chitatha anayang'ana kudenga.

"Manja ako aja? Ukanagwetsa ngolo pa ana."

"Ukanandiyesa kaye."

"Ndikanaphunzitsa iwe, ine mukanandifunanso?"

A Tarui ankayembekeza chifukwa chachikulu kuposa chimenechi. Zaka zonse zija, kodi nkhani yake inali yomweyi, mantha a munthu woopa kuiwalidwa? Anayang'ana manja a mnzawo pabulangete. Zala zinkayendayenda zokha, ngati zikupinda chingwe chosaoneka, ndipo akanawafunsa kuti zikuchita chiyani mwina mwiniwake sakanadziwa.

"Kabokosi ka mwana wanga n'kachabe," anatero a Genzo. "Mfundozi zipita nane, basi."

Pobwerera m'basi, a Tarui anaganizira za swichi ija. Kuisiya m'mwamba sakanatha. Anaona ndi maso awo denga likugwera pangolo, ndipo mawu a achinyamata akuti mawaya a masiku ano sapsa sankawakhulupirira. A mawaya akale aja nawonso ankatero. Kutengera kabokosiko kunyumba kwawo sikukanathandiza, poti kunalibe intaneti ndipo sankaifuna. Lamulo lija analitembenuzatembenuza mumtima. Silinkanena kuti magetsi azizima dzuwa likalowa. Linkanena za nyumba yopanda munthu.

Chizuru anadutsa kuholo asanapite kuchipatala, kuti ayesenso kanthu kena. Anapeza a Tarui akulowetsa matiresi awo opinda, pilo, ndi ketulo.

"Mwathamangitsidwa kunyumba?"

"Ndi ndani? Mphaka?" Anamukodola. "Tabwera uone matenda a bokosi lako."

Anamutengera kuseri kwa chitseko n'kumuonetsa swichi ija, chogwirira chake chitasalala ndi manja. Anaitsitsa. Kanyali kobiriwira ka pashelefu kanazima. Anaikweza, ndipo kompyutayo inalira pang'ono n'kudzuka.

Chizuru anayang'ana swichi, n'kuyang'ana mkuluyo.

"Munadziwa liti?"

"M'mawa uno. Usandiyang'ane choncho, sunandifunse." Anayala matiresi pafupi ndi ng'oma. "Ndizigona muno mpaka bambo ako atamaliza. Akamaliza, swichi itsika, iwe uone kwina koika kabokosi kako. Ndipo umuuze asafotokoze mothamanga. Ayambire pamtanda wakutsogolo."

"Mudzawerenga?"

"Pafoni? Ndilibe. Udzandisindikizire papepala, zilembo zikuluzikulu. Ndikufuna ndione ngati sakunama."

Chizuru anawerama kwambiri, n'kuthamangira basi.

Dzuwa likulowa, a Tarui anazungulira holo monga mwa masiku onse, kutseka mawindo, kugwira masoketi kuti amve ngati akutentha. Atafika pachitseko chakumbuyo anapeza dzanja lawo lakwera kale. Analibweza n'kulilowetsa m'thumba. Kenako anatenga chingwe chakale m'kabati, anakhala pansi moyang'anizana ndi kanyali kaja, n'kuyamba kuchifewetsa m'manja.