Nsomba Zamanyazi za a Nasoni

"Zikangomva mawu anga, zimabwera pamzere ngati ana pa asembule," anatero a Nasoni.

Ankauza akulu a mpingo anzawo pansi pa mango, kuseri kwa tchalitchi ku Nsaru, mapemphero atangotha. Akazi awo, a Febe, ankadutsa atanyamula mabuku a nyimbo. Sanaime. Anangoti "hmm" chapakhosi, monga achitira munthu akauzidwa kuti mvula igwa mu Ogasiti.

Nsombazo zinalipodi. Mwana wawo Duncan, wogwira ntchito ku Kanengo, anazibweretsa pa Pasaka: zitatu, zofiira, m'bokosi lagalasi, momwe munalinso kamtengo ka pulasitiki ndi kampopi kotulutsa thovu koyendera batire ya sola. A Nasoni anapuma uhedimasitala zaka zisanu zapitazo, ndipo chipumireni anali asanapeze womulamula. Choncho nsombazo anazilandira ngati kalasi yatsopano. Bokosi analiika patebulo pakatikati pa balaza, pomwe dzuwa la pawindo limamenya, kuti mlendo azilionera mbali zonse. M'mawa uliwonse ankagogoda galasi ndi mphete yaukwati n'kunena kuti, "Odi kuno!"

Nsomba sizinkayankha odi. Zinkathawira kuseri kwa kamtengo kaja.

"Mwana akamabisala kuseri kwa desiki, umachotsa desikiyo," anatero a Nasoni, n'kuzula kamtengoko. M'bokosi munatsala mbee ngati bwalo la mpira. Nsomba zinapanikizana pakona, kuseri kwa kampopi, zipsepse zitafota, ndipo chakudya chinkangoyandama mpaka kumira.

Lachinayi lina amayi a Chigwirizano anapatukira kuti akaone zodabwitsa. Anaona madzi. Madzi oyera bwino ndithu, koma madzi a pamjigo omwe iwonso anali nawo kwawo.

"Vuto ndi amake Duncan," a Nasoni anafotokoza modekha. "Izi ndi nsomba za m'tauni. Iwowa akangolowa muno, zimathawa. Dzanja lawo siligwirizana nazo."

Amayi anaseka mwaulemu. Koma mawu akatuluka pakhomo amanenepa. Pofika Loweruka, pamjigo zinkamveka kuti a Febe ali ndi dzanja loipa, moti ndi nsomba zomwe zimawathawa. Mpongozi wa a Sabina, oyandikana nawo nyumba, anachira mwana wamkazi sabata yomweyo. Zidzukulu zonse za a Sabina, woyamba kuzinyamula ankakhala a Febe. Ulendo uno sanaitanidwe. Anangomva kulira kwa khanda kudzera mumpanda.

Sanalire, sanakanganenso ndi munthu. Anakhala pampando n'kuyang'ana bokosilo nthawi yaitali.

A Febe anakulira ku Nambuma, kumene ali mtsikana ankakola matemba ndi chitenje. Ankadziwa kuti pamchenga poyera sungapeze kanthu. Matemba amasewera poyera pokhapokha bango likakhala pafupi. Nsomba imatuluka ikadziwa kolowera. Izi zitatuzi zinalibe kolowera, maso a anthu mbali zinayi, dzuwa pamutu, ndiponso hedimasitala wa mphete.

Mwayi unabwera wokha. Lachitatu a Nasoni anatsatira mabelo awo a fodya ku Kanengo, n'kunena kuti agona kwa Duncan ndipo adzafikira kutchalitchi Lamulungu. Anali ataitana kale akulu a mpingo kuti akadzaweruka adzaone asembule ya nsomba.

Minibasi isanafike n'komwe patali, a Febe anali atatunga madzi theka m'bokosimo n'kukokera tebulo kukhoma kopanda windo. Kuseri kwa khitchini kunali mphika wadothi wobooka pambali, umene unasiya ntchito kalekale. Anautsuka popanda sopo, anauwiritsa pamodzi ndi miyala ya kudambo, utazizira n'kuugoneka m'madzimo. Kamtengo kaja anakapeza m'dirowa, pakati pa masatifiketi, n'kukabwezera. Kumbuyo kwa galasi anapachika chitenje chakuda.

Tsiku loyamba nsomba zinalowa mumphika, osaonekanso. A Febe anangoti, "Khalani, ana anga, m'nyumba mwanu." Tsiku lachiwiri kamutu kamodzi kanasuzumira. Tsiku lachitatu zonse zinadya.

Lamulungu a Nasoni anafika pakhomo atavala suti yabuluu, akutsogolera akulu a mpingo asanu ndi mmodzi. Pakati pawo panali a Yesaya, achimwene awo a a Febe, omwenso anali nkhoswe ya banjali. A Sabina nawo anatsatira, amvekere adzabwereka sefa. M'njira a Nasoni anali atayamba kale kukonza pothawira, kuti nsomba za mtundu umenewu zimasunga Sabata.

Atalowa anaima chilili. Pakati pa balaza panalibe kanthu. Kukhoma, kutsogolo kwa chitenje chakuda, nsomba zitatu zinkayenda mtunda ndi mtunda, michira ikugwedezeka, zofiira ngati tomato wa m'dimba.

"Eee!" anatero mkulu wina. "Koma Mulungu ngwaluso!"

A Nasoni anapita kutsogolo. "Mwaonatu," anatero. "Monga ndinanenera." Anayandikira, n'kukweza chala cha mphete.

"Musagogode, abambo a Duncan," anatero a Febe ali pakhomo la kukhitchini.

Anagogoda. "Odi kuno!"

Nsomba zonse zinati psiti mumphika. M'nyumba munangomveka kampopi kakubwata. A Nasoni anagogodanso, mokweza pang'ono, monga ankachitira ndi Sitandade 8. Palibe chinatuluka.

"Mwina zakumbukira kuti ndi Sabata, alamu," anatero a Yesaya.

A Febe anapukuta manja pachitenje, anabwera, n'kugwada pambali pa tebulo. "Tasunthirani uko pang'ono," anauza amuna awo, ndipo iwo, mwina koyamba chikwatirane, anasuntha osafunsa chifukwa. A Febe anadikira. Kamutu kanasuzumira, kenako kena. Anatsina tichakudya n'kuika zala pamwamba pa madzi. Nsomba zinakwera zonse zitatu n'kuyamba kutola, mpaka ina inkawatsotsona chala.

"Zimachita manyazi ngati mkwatibwi," anatero a Febe. "Ukaipatsa chipinda, imatuluka yokha. Ukailanda chipinda, imafera pakona."

A Sabina anali atayiwala za sefa. "Anzanga," anatero motsitsa, "mwana uja simunamuone. Mubwere madzulo ano mudzamunyamule."

"Ndi dzanja lomweli?"

"Lomwelo, anzanga. Musandichititse manyazi."

A Yesaya anakhosomola, chikhosomolo cha nkhoswe. "Alamu, mawu aja munawanena pagulu, eti? Kwathu ku Nambuma mawu otere satha ndi pepani wa kuchipinda. Amatha ndi nkhuku."

A Nasoni anayang'ana akulu anzawo mmodzimmodzi, kufuna wowathandiza. Onse anali otanganidwa ndi nsomba.

"Pali kathadzi kena koyera," anatero.

"Tambala," anatero a Febe.

Tambalayo anali wa mikolongwe, wamkulu, amene a Nasoni ankamutchula m'maumboni. Anamuthamangitsa okha, suti ili m'thupi, kuzungulira nkhokwe katatu ndi chigafa kawiri, akulu a mpingo ali pakhonde kupereka malangizo. Anamugwirira m'khola la mbuzi. Anabwera naye akupuma mwabefu, tayi ili paphewa, manyowa ali m'mawondo.

A Febe anali atakhala pampando wa abambo, wa khushoni uja. A Nasoni anagwada, n'kupereka tambala ndi manja awiri.

"Amake Duncan, ndinalakwa. Dzanja lanu ndi labwino."

"Akumbuyo sanamve," anatero a Yesaya.

A Nasoni anabwereza ndi mawu a pa asembule, moti anamveka mpaka pamjigo. A Febe analandira tambala, anamuyesa kulemera kwake, n'kumupanira m'khwapa. A Sabina anaimba nthungululu.