Belu Lalikulu la a Alwyn

Mfumu ya ku Mangalande itamwalira, oliza mabelu a tchalitchi cha m'mudzi mwathu anakwera m'nsanja kukamanga mabelu pakamwa. Mwambo wake ngwakale: pa maliro a mfumu, chitsulo chomenyera belu lililonse amachikulunga ndi chikopa kuti lizilira chapansipansi. Lalikulu lokha ndi limene amalisiya mbali imodzi yosamanga, kuti wolizayo akakoka chingwe kachiwiri lizimveka poyera.

Belu limenelo linali la a Alwyn kuyambira ali mnyamata. Koma chaka chimenecho a Alwyn anali chigonere, chifuwa chitawatha, makutu nawonso atayamba kugontha. Akazi awo, a Enid, amene ankaliza kabelu kakang'ono pa onse, anali atamva kwa adokotala kuti amuna awo safika Khirisimasi.

"Amanga onse?" anafunsa a Alwyn m'mawa wa tsiku la maliro.

"Onse, kupatula lanu."

"Ndiye ndimva langa lokha. Wolizayo asandichititse manyazi."

Kunsanja, a Enid anapitirira chingwe chawo n'kukagwira cha belu lalikulu. A Cedric, mng'ono wa a Alwyn, amene ankatsogolera gululo, anaseka.

"Alamu, mwasokera. Limenelo likunyamulani mpaka kudenga, tichite kukutsitsani ndi makwerero."

"Munditsitsa. Lero ndi langa."

A Cedric atawayang'ana kumaso, nthabwala zinathera pomwepo. Anavula jekete n'kuima kumbuyo kwawo, kuti chingwe chikawapulumuka achigwire.

Koma abale, belu lija n'lolemera. A Enid mapewa anachita kuyaka, m'manja munatuluka matuza. Mabelu enawo ankalira ngati munthu wobisa nkhope mupilo, kenako lalikulu lija n'kuyankha poyera, mawu ake n'kudutsa pamwamba pa madenga onyowa ndi mvula. M'misewu anthu anaima atavula zipewa, kulira mfumu yawo. A Enid, tinene zoona, za mfumu sankaziganiza n'komwe. Mtima wawo unali pa zenera limene analisiya lotsegula kuchipinda, ndipo ankaopa kuti makutu aja sakumva kanthu.

Atafika kunyumba anabisa manja m'matumba a juzi. Anapeza a Alwyn maso ali kuzenera, tiyi atazizira pambali.

"Mwalimva?"

"Ndalimva. Koma wolizayo amachedwa pang'ono pokoka kachiwiri, ngati akudikira munthu."

"Ndikawauza a Cedric."

"Cedric? Uja amathamanga ngati wasiya poto pamoto. Wochedwa choncho ndimadziwa mmodzi yekha. Ndinakuuzani tili pachibwenzi, simunamve mpaka lero." A Alwyn anatambasula dzanja lawo lowonda. "Tatulutsani manjawo ndione."

A Enid anawatulutsa, misozi ili mbwembwembwe. A Alwyn anayang'ana matuza aja nthawi yaitali, kenako anaika manjawo pachifuwa pawo.

"Ndiyesetsa kukonza," anatero a Enid.

"Musakonze, mayi. Tsiku langa likafika, mudzachedwe chomwecho. Ine ndilibe changu chochoka."