Chotupa cha Kunkhongo kwa Amayi

Ndinkapaka polishi pakhonde la nyumba yathu ku Kabwata, kansanza kakuzungulira malo amodzimodzi, chifukwa zenera la pabalaza linali lotsegula. M'katimo amalume, ba Katongo a ku Woodlands, omwe timawatcha ba yama, ankalankhula ndi mng'ono wa amayi, ba Monalisa.

"Munthu odwala sauzidwa vinthu va so," anatero amalume. "Mutima ungaime. Tizapitiliza kukamba ati ni BP chabe."

"Nanga opaleshoni?"

"Kung'amba mutu? Mutu si dzungu, Monalisa."

Amayi anayamba kudzandira chaka chatha. Ku Kamwala, komwe amagulitsa zitenje, anzawo ankanong'onezana kuti ba Febby ayamba mowa. M'mawa ankasanza, kunkhongo kukuwawa ngati awamenya ndi mpini.

Tsiku lokajambula mutu ndinapita nawo. Ndinawavula ndolo, mapini a wigi ndi kolona, popeza makina a MRI amakoka chitsulo. Anawabaya mankhwala pamkono n'kuwalowetsa mumphako yoyera, yogogoda ngati okhoma mbaula. Zotsatira zitatuluka, amalume anawauza akadikire m'galimoto. Kwathu nkhani yoipa imayamba yafika kwa akulu. Ine anandiiwala pampando wa pakona.

Dokotala analoza pakompyuta kanthu kowala, kukula ngati mtedza, m'mbali mwa thumba lamadzi. Anati ndi chotupa cha timitsempha ta magazi topiringizana. Si khansa, koma thumbalo likukula ndipo likupanikiza ubongo. Angathe kuyamba atseka mitsempha yochidyetsa, kenako n'kuchichotsa. Ngozi ilipo. Koma chikasiyidwa, tsiku lina amayi sadzadzuka.

"Mwiniwake alowe tikambirane," anatero.

"Tizamuuza kunyumba," anayankha amalume.

Mwezi unatha amayi akuuzidwa kuti ndi BP. Tinasiya kuthira mchere m'ndiwo, ndipo amayi ankatithokoza.

Ndili chogwada choncho pakhonde paja, chitseko chinatseguka. Amayi anatuluka akugwira khoma, amalume ali pambuyo pawo. Phazi la amayi linaphonya sitepe, ndipo anakhala pansi mwadzidzidzi, pafupi nane. Anaseka, koma diso limodzi linkanjenjemera.

"Salifyanji, ufuna kunipaya na polishi yako?" anatero. "Wamvela ba yama bako? Ati nikapumula chabe nizapola. Mande nibwelela ku Kamwala."

Amalume anandiyang'ana. Sindinayambe ndawayankhapo chibadwire. Ngakhale kusukulu, aphunzitsi ankachita kuwerama kuti andimve. Ndinatseka chitini cha polishi.

"Si BP, amayi."

"Iwe!" anakalipa amalume. "Ngena mu nyumba!"

Sindinadzuke.

"Muli chotupa kunkhongo kwanu. Ndinachiona ndi maso anga. Dokotala anati angachichotse, koma mungathe kufera patebulo. Anatinso mukachedwa mudzafera pano. Anaitana inu, osati ba yama. Ngati mukana, mukane nokha. Mutuwo ndi wanu."