Fungo la Petulo m'Galimoto ya Achemwali

"Zimitsani fodyayo kaye, achimwene," anatero Mzime, mutu uli m'galimoto. "Kodi simukumva?"

Mchimwene wakeyo anaponda ndudu ndi chidendene, n'kukankha chitseko cha galaja mpaka kumapeto. Chisanu cha m'mawa chinalowa, koma fungo la petulo silinatuluke. Linali pamipando, pabulangeti la kumbuyo, ngakhale pajuzi ya achemwali awo yomwe inali ikadali pampando wa dalaivala.

Achemwaliwo anali atangoikidwa kumene m'manda. Anagwa kukhitchini ketulo ili m'manja, ndipo pofika kuchipatala n'kuti atapita kale. Ndiwo ankakhala ndi Bambo chidwalireni sitiroko. Ankawasambitsa, kuwameta ndevu, n'kumawatengera ku mafizo akuchipatala pa galimoto yokalambayi. Tsopano anthu anali atabalalika, mipando yobwereka itabwerera kwa eni ake, ndipo m'mawa umenewo Bambo ankafunika kupita kuchipatala.

"Imeneyi yatha basi," anatero mchimwene wake, manja ali m'khwapa. "Mwina tanki yaboola. Paja ndanena kale, ikakhala kuti yafa, Bambo ndiwatenga. Kwathu chipatala chili pafupi, ngakhale alamu ako ukuwadziwa, ndipo zipinda n'ziwiri zokha. Koma ikakhala kuti ikuyenda..."

"Ikakhala kuti ikuyenda, nditsale ine."

"Sindinatero."

"Mwatero ndi maso."

"Iwe Mzime, tisanamizane. Ine ndili ndi ana. Iwe ulibe amene akulirira chakudya madzulo."

"Ndili ndi ntchito, achimwene. Ndinaisaka mpaka nsapato kung'ambika."

"Ntchito ziliko kulikonse."

"Nanga inu bwanji simunabwere kudzaisaka kuno?"

Mchimwene wake anapita kumbuyo kwa galimoto, n'kutsegula chivindikiro cha tanki, kuchinunkhiza, n'kuchimanganso mpaka chinalira. Mzime anagwada pasimenti yozizira n'kuwalitsa tochi ya foni kunsi. Tanki inali youma kunja, yokutidwa ndi fumbi. Pansi panali dontho lakale la oyilo basi. Anadzuka mtima ukumuuza zomwe ankachita nazo manyazi: ikanakhala yoboola, akanakwera basi mawa lomwelo.

Ndodo inagogoda pakhomo lolowera kukhitchini. Bambo anali ataima pamenepo, atavala okha jekete, mabatani atasemphana, dzanja lofooka lili lende.

"Bambo, lowani m'nyumba, kukuzizira," anatero mwana wawo wamwamuna.

"M'mawa... mokha," anatero Bambo. Mawu ankatuluka mokoka, mbali imodzi ya pakamwa.

"Mwati chiyani?"

"Kununkha. M'mawa mokha. Pobwerera... ayi."

Mzime anaima kaye. Ngati fungo limabwera kukazizira n'kutha injini ikatentha, ndiye kuti vuto silinali kumbuyo. Anatsegula boneti n'kuichirikiza ndi kachitsulo kake.

"Lizani, achimwene. Musaponde mafuta."

Injini inatsokomola, n'kutsokomolanso, kenako inagwira. Mzime anawerama, boneti itamubisa kwa onse awiri. Anatsatira paipi ya mafuta ndi tochi kuchokera kumunsi mpaka pomwe imalowa mu sefa. Pamenepo labala inali yakuda kuposa pena ponse, yonyowa, yong'aluka timing'alu ngati chidendene cha m'chilimwe. Kadontho kanatupa pansi pa kachitsulo komangira paipi, kanagwera pa injini n'kuuma pomwepo. Kenako kena.

"Ukuona kanthu?" anafuula mchimwene wake.

Mzime anangoyang'anabe paipiyo. Injini inkayamba kufunda, ndipo madontho ankachedwa kubwera. Labala youma ndi chisanu ija inkafewa n'kugwiranso chitsulo. Akanangodikira pang'ono, pamalopo pakanauma, ndipo palibe akanadziwa. Akanati sakuona chilichonse, galimoto n'njoopsa, aigulitse kwa ophwasula.

Anasuzumira m'mbali mwa boneti. Bambo anali akadali pakhomo paja, akulimbana ndi batani lapakhosi ndi dzanja limodzi. Anawaona m'maganizo ali kwa achimwene, atagona pabalaza kuseri kwa katani, akudikira kuti ana amalize kuonera TV, akuopa kupempha wowaperekeza kuchimbudzi.

"Zimitsani," anatero. "Ndapaona."

Mchimwene wake anabwera n'kuwerama pambali pake. Anakhudza paipiyo, n'kununkhiza chala.

"Kanthu kakang'ono chonchi?"

"Kakang'ono chonchi."

Sanayang'anane. Anadikira injini izizire, kenako mchimwene wake anatenga mpeni kukhitchini ndi sikuludiraiva pashelefu. Mzime anakulunga chisanza papaipi kuti mafuta asamwazike, mchimwene wake n'kudula nsonga yong'aluka ija, kulowetsanso paipi, n'kumanga kachitsulo kaja zolimba. Zala zawo zinali zitauma ndi kuzizira, zikununkha petulo. Ataliza kachiwiri, pamalopo panakhala pouma.

"Paipi yonse isinthidwe sabata ino," anatero mchimwene wake akupukuta manja. "Ndiuza makaniko abwere. Ndizibwera, Mzime. Mwezi uliwonse ndizibwera."

"Achemwalinso munawauza choncho."

Mchimwene wakeyo anapita kukagwira Bambo pamkono, n'kuyenda nawo pang'onopang'ono mpaka kugalimoto. Anawakweza mwendo wofooka, kuwamangira lamba, n'kuwafunditsa bulangeti m'maondo. Kenako anabwerera m'mbuyo n'kuima pakhoma, ngati munthu woperekeza alendo.

Mzime anachotsa juzi ya achemwali pampando, n'kuipinda, n'kusowa poiika. Anaisiya pamiyendo pake. Mpando unali patali, anaukokera kutsogolo. Foni inanjenjemera m'thumba. Anadziwa kuti ndi abwana akufunsa tsiku lobwerera, ndipo anaisiya mpaka inatopa yokha. Makoma a galaja anali pafupi mbali zonse, moti ankangoona mashelefu ndi zitini za penti.

Atatambasula dzanja kuti alowetse giya, anapeza dzanja la Bambo lili kale pamenepo. Linali dzanja lawo labwino lija, litagwira mutu wa giya mwamphamvu.

"Bambo, chotsani dzanja, ndibwerere m'mbuyo."

Sanachotse. Ankayang'ana kutsogolo, chibwano chili m'mwamba.

"Ponda... kilachi."

"Bambo?"

"Mkulu wako... ankaponda. Giya... ndi ine." Anapuma, n'kupukuta pakamwa ndi phewa. "Ankati... yekha sangathe."

Mzime anakumbukira mmene achemwali ankayendetsera asanadwale Bambo, dzanja limodzi pachiwongolero, akudutsa malole uku akuimba. Anaponda kilachi mpaka pansi, n'kubweza manja onse awiri pachiwongolero.

Bambo anakankha giya, inakana. Anakankhanso, mpweya ukutuluka ngati utsi m'chisanumo. Mchimwene wake anasuntha kuti athandize, koma Mzime anamupukusira mutu pagalasi. Mwendo unayamba kumuwawa. Anapondabe kilachi mpaka giya inalowa.