Pansi pa Mpando wa Elina

Nigel anapotozanso kiyi. Galimoto inatsokomola kawiri n'kukhala chete, monga momwe inkachitira kuyambira tsiku limene anaika bambo ake, a Dingani, m'manda.

"Leka iwe, uzasiliza batili," anatero a Mukupa, mng'ono wa malemuwo, akuyang'ana foni. "Ogula motoka abwela mazulo pa sikisitini awazi. Afuna chabe visulo."

Elina, mayi ake a Nigel, anali kusesa pabwalo kachitatu. Tenti ya maliro anaichotsa dzulo lake, zinyalala panalibe, koma manja ake ankakana kukhala.

Abale inu, a Dingani ndi anthu ogulitsa magalimoto m'tauni sankamwerana madzi. Anapitako kamodzi kokha. Anawasinthira oyilo, n'kuwapatsa tiyi, n'kuwalipiritsa ndalama yokwana lendi ya mwezi wathunthu. Anabwerera kwawo ku Chawama akutukwana msewu wonse. Kuyambira pamenepo Lamlungu lililonse akaweruka kutchalitchi ankayala thumba pansi n'kulowa kunsi kwa galimoto, kunja kukungooneka mapazi. Zaka khumi ndi zinayi galimotoyo sinagonepo panjira.

Nigel, poti ndi wa mu ofesi, Lachitatu anaikoketsa kupita nayo komweko kumene bambo ake analumbira kuti sadzapondanso. Amakaniko anailumikiza ku kompyuta, n'kumupatsa pepala: pampu ya mafuta, mawaya onse, ndi zina zoti ngakhale iye sanazimve. Mtengo wake unaposa wa galimoto. Anaikoketsanso kubwerera kunyumba, manyazi ali tho.

"Ba mulamu, motoka yafa na mwine wake," anatero a Mukupa. "Tigulise chabe."

"Nanga kabichi yanga ku maliketi ya Soweto nizayamba kunyamula pamutu?" Elina anayankha osaleka kusesa. "Iyi motoka ndiye itidyesa pano."

"Ba dadi nabo!" Nigel anamenya chiwongolero. "Vonse kumanga na malegeni, kuuza munthu iyayi. Manje ndani azaziba vamene banachita mukati umu?"

Anali wokwiya, koma maso anali atafiira ndi zina.

Elina anaponya tsache pansi. Anazungulira galimoto, kulowa m'nyumba, kutulukanso wopanda kanthu. Kenaka anatsegula chitseko cha kumanzere n'kukhala pampando wake, uja ankakhalapo m'mawa uliwonse popita kukapikula. Mumtima ankatsanzika, ndipo zinkamupweteka kwambiri.

"Liza kamozi, nimveleko."

Nigel anapotoza. Inatsokomola basi.

"Si mwamene benze kulizila ba dadi bako," anatero Elina. "Iwe uthamangila kiyi. Beve poyamba benze kubelama, banigwila apa pa kakolo, bati, 'Madamu, mwankala bwino?' Ndiye baliza."

"Mami, naimwe." Nigel anayang'ana kumbali. A Mukupa anaseka pawindo.

"Useka chani? Masiku onse. Olo tayambana."

Anawerama yekha kuti awaonetse. Dzanja linafika pakakolo, ndipo chala chinagunda kanthu kolimba kunsi kwa mpando. Anapapasa. Kanali kaswitchi kakang'ono, kokulungidwa ndi kansalu. Anakoka nsonga yake n'kuizindikira: chitenje chake chakale chobiriwira, chimene anachifunafuna chaka chathunthu mpaka kunamizira mwana wa aneba.

Anakadina. Kanati tha!

"Liza."

Injini inabangula mpaka nkhuku za pabwalo zinabalalika. A Mukupa anabwerera m'mbuyo, foni ili m'manja, kukamwa kuli yasa.

Nigel anatsika, kuzungulira, n'kugwada kuti aone bwino. Anatsatira kawaya ndi chala.

"Ni kochingiliza bakawalala aka. Kamatseka njila ya mafuta kuti motoka isalile." Anayang'ana mayi ake. "Manje ngati banachoka beka, benze kufika bwanji kuno konse? Malo yanali mbwee ku mbali kwao. Chifukwa chani banaika ku mbali kwanu?"

Injini inkalirabe, mpando ukunjenjemera pang'ono, Elina ali chiweramire, dzanja lili pakakolo pake.